Mawu a Saia Kumapeto kwa Doko

Pachilumba pathu netiweki imagwira malo amodzi okha, kumapeto kwenikweni kwa doko, pamene simenti inang'aluka. Ndiye Lachiwiri lililonse ikamakwana folo koloko ndinkanyamula buku, kope ndi foni n'kukakhala pamenepo, miyendo ili lendelende pamwamba pa madzi. Imeneyo ndiyo inali kalasi yanga.

Dzina langa ndine Kalolaine, koma aliyense amangoti Laine. Sukulu ndinaisiyira Fomu 7, kalasi yomaliza ya sekondale kwathu kuno, chaka chimene amayi anadwala. Ndinabwerera kuno ku Ha'apai kudzawadwazika, ndipo atamwalira ndinangokhala zaka ziwiri, kuluka mphasa ndi kuphikira bambo. Koma mtima wofuna unamwino sunandichoke. Kusukulu ya anamwino anandiuza kuti zina zonse ndinakhoza, chotsala ndi kemisitili basi. Choncho ndinalembetsa maphunziro apatali. Mabuku ankabwera pa sitima, aphunzitsi athu Mayi Moala ankalankhula pafoni ali ku Nuku'alofa, likulu la dziko lathu, ife ophunzira khumi ndi anayi tili balala m'zilumba.

Mmodzi mwa khumi ndi anayiwo anali Siosaia wa ku chilumba cha 'Eua, amene timangoti Saia. Mayi Moala anatiika awiriawiri kuti tizithandizana, ine n'kugwera kwa iye. Panali patatha miyezi isanu ndi iwiri tikulankhulana, koma nkhope yake ndinali ndisanaione. Pafoni pake anaika chithunzi cha hatchi yake. Ndikamuuza kuti anditumizire chake, ankatumiza hatchi yomweyo itayang'ana kwina. Ndinkangodziwa mawu ake, okhuthala, osafulumira, ndi khalidwe lake loyamba kuseka nthabwala asanaimalize.

Lachiwiri lina kalasi itangotha, foni inalira. Anali Saia.

"Laine, zako zasanduka mtundu wanji?"

Pambali panga panali makapu awiri a madzi amene ndinawiritsiramo maluwa ofiira a kumpanda kwathu. M'kapu imodzi ndinafinyiramo ndimu, m'inayo ndinathiramo madzi a phulusa, monga anatiuzira aphunzitsi.

"Ya ndimu yafiira psuu, ngati milomo ya atsikana a kwaya. Ya phulusa yabiriwira."

"Yanga ya phulusa yada bii."

"Wathira phulusa lenilenilo iwe! Anati usefe kaye."

"Ndiye osandiuza bwanji?"

"Ndine mkazi wako ine kuti ndizikuuza chilichonse?"

Ndinkamva tambala akulira kwawoko, kutali.

"Funso limenelo lidzabwera pa mayeso?" anatero. "Ngati lidzabwere, ndikufuna ndidzalikhoze."

Ndinayang'ana m'madzi, ndikumwetulira ndekha ngati wozerezeka. Ndinasintha nkhani. Kunali kutatsala masiku khumi ndi atatu kuti tonse tikakumane ku Nuku'alofa, sabata yathunthu ya mulabu. Wosapita ku labuko sankaloledwa kulemba mayeso a mu Novembala. Sitima yochoka kwathu inali ya Lachinayi la sabata yotsatira.

"Ine ndifikako Lachitatu," anatero Saia. "Ndikakudikira pa doko."

"Ndikakudziwa bwanji?"

"Ukangoona munthu wonyansa kuposa onse pa dokopo, ndi ineyo. Ulimbiretu mtima."

* * *

Nditafika kunyumba ndinapeza nsapato za azakhali a Melenaite pakhomo.

Azakhali ndi achemwali awo a bambo, ndipo iwo akalankhula nkhani yatha. Bambo anga a Semisi, munthu amene amakoka shaki ndi manja panyanja, achemwali awo akalowa m'nyumba amakhala pansi pafupi ndi chitseko, manja ali m'miyendo ngati mwana wa Sande sukulu.

"Wabwera dokotala wa pa doko," anatero azakhali osandiyang'ana. "Khala apo."

Ndinakhala.

"Sitiveni wapempha kuti udzamusefere kava Lachisanu madzulo. Ndamulola."

Kwathu mnyamata akafuna mtsikana amapempha kuti amusefere kava, chakumwa cha mizu yosinja. Sitiveni anali atangobwera kumene kuchokera ku Australia, kokathyola zipatso. Anali atamanga nyumba ya njerwa kuseri kwa tchalitchi ndi kugula boti la injini, ndipo azimayi onse okhala ndi ana aakazi anali atayamba kumupatsa moni mokweza mawu.

"Azakhali, Lachisanu ndili ndi ntchito ya sukulu yoti…"

"Sukulu yake iti? Yokhala padzuwa n'kumaseka ndi foni? Chilumba chonse chimakumva. Asodzi akamakocheza amachita kuzimitsa injini kuti asakusokonezeni ndi wa ku 'Eua wakoyo."

Nkhope yanga inatentha. Bambo anakhosomola pang'ono.

"Achemwali, mwanayu akulimbikira ndithu. Mwina tikanadikira mayesowa…"

"Semisi, ndakufunsa?"

"Ayi, achemwali."

"Mayi ake a mwanayu anapita. Ukufuna nayenso apite ku Nuku'alofa, iwe utsale ukulankhula ndi nkhumba? Sitiveni ndi wa konkuno. Timadziwa bambo ake, timadziwa agogo ake, timadziwa ndi kumene anaikidwa. Wa pafoniyo mumadziwa ndani wake?"

Ine sindinkadziwa ngakhale dzina la bambo ake.

* * *

Lachisanu dzuwa litangolowa Sitiveni anafika ndi anzake anayi ndi gitala. Ndinakhala kuseri kwa mbale yamtengo, miyendo nditaipindira kumbali, n'kuyamba kusefa. Azakhali anakhala kuchipinda, kuseri kwa katani, ndipo nthawi ndi nthawi ankakhosomola kuti tonse tisaiwale kuti alipo.

Anyamatawo anaimba, anamwa, anandiseka.

"Ayi ndithu, kava wa lero ndi wa mu labu," anatero wina. "Laine, sunathiremo asidi?"

"Ndathira. Dikira pang'ono uone mtundu umene usanduke."

Anaseka mpaka kugwetsa chikho. Kenako, monga mwa chizolowezi, anayamba kutuluka mmodzimmodzi, wina akuti akukaona boti, wina akuti waiwala fodya, mpaka tinatsala awiri.

Sindinganame, Sitiveni si munthu woipa. Tinakulira limodzi. Pa maliro a amayi ndiye anakumba manda kuyambira m'mawa osapuma. Anakhala akuzunguza chikho chopanda kanthu m'manja.

"Laine, ine sindidziwa kulankhula ngati anthu a mabuku. Ndinali kothyola malalanje zaka ziwiri. Tsiku lililonse ndikakwera makwerero ndinkaganiza za nyumba ija, ndipo m'nyumbamo ndinkaonamo iwe."

"Sitiveni, ndili ndi mayeso."

"Lemba. Sindikukuletsa. Koma usandikane chifukwa cha munthu amene sunamuone n'komwe." Anatulutsa foni m'thumba la malaya. "Ndili ndi msuweni wanga ku 'Eua. Ndinamufunsa kuti Siosaia ameneyu ndi wotani. Wanditumizira ichi."

Anandipatsira foniyo pamwamba pa mbale ya kava.

Pakhonde la holo ya tchalitchi panakhala anthu awiri, mitu itagundana pa buku limodzi, buku lobiriwira lofanana ndi langa. Mtsikanayo ndinamudziwa nthawi yomweyo. Anali Fololeni wa m'kalasi mwathu, yemwe chithunzi chake ndinkachiona pa gulu lathu la pafoni. Anali ataika duwa kukhutu, akuseka, dzanja lake lili paphewa la mnyamatayo.

Mnyamatayo anali wamtali, wa mapewa otambalala, ndi kachipsera pa nsidze ya kumanzere. Ankaloza china chake m'bukumo, pakamwa pali potsegula pang'ono, ndipo ndinadziwa kuti wayamba kale kuseka nthabwala imene sanaimalize.

Miyezi isanu ndi iwiri ndinali kuiganizira nkhope imeneyo ndikamaluka, ndikamatsuka mbale, ndikamapemphera. Ndipo ndinaionera m'foni ya Sitiveni, dzanja la mkazi wina lili paphewa pake.

"Akuti amakhala pamenepo masana aliwonse," anatero Sitiveni chapansipansi.

Ndinamubwezera foniyo. Ndinatunga kava, n'kumupatsa, osataya ngakhale dontho. Kuseri kwa katani azakhali sanakhosomolenso.

* * *

Loweruka sindinapite ku doko. Lamlungu ndinaimba m'tchalitchi osamva zimene ndikuimba. Lolemba ndinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi mafunso asanu ndi atatu a masamu a asidi, ndipo pofika masana ndinali ndikadali pa funso lachiwiri. Nthawi zonse ndikasokonekera pamenepo Saia ankati, "Bwerera, Laine, wasiya ziro panjira, akulira." Ndinabwerera ndekha. Ziro uja ndinamupezadi. Ndinatseka kope n'kulira ine.

Lachiwiri panalibe kuchitira mwina, inali kalasi. Nditangoponda pa simenti yong'aluka ija foni inayamba kunjenjemera osaleka, mauthenga a Saia a masiku onsewo akulowa.

"Funso la nambala 5 landikanika. Iwe wapeza chiyani?"

"Laine?"

"Mwina kwanuko kuli mitambo, sola sikutchaja."

"Ndafunsa munthu wa pa boti, akuti ku Ha'apai kuli dzuwa lokhalokha."

"Ngati ndalakwa, undiuze. Ndisakhale wolakwa osadziwa mlandu."

"Lero ndaitana hatchi yanga kuti Laine. Amayi andiyang'ana kwambiri."

Sindinayankhe. M'kalasimo Mayi Moala anafunsa yankho la nambala 5, ndipo Fololeni anayankha ndi kamawu kake kotsekemera, n'kuwonjeza kuti, "Wandithandiza ndi Saia, aphunzitsi." Ndinaluma cholembera mpaka chinasweka.

Kalasi itatha Saia anaimba. Ndinaisiya ilire kanayi.

"Uli moyo!" anatero. "Ndimati ndiyambe kusambira."

"Ukanamutenga Fololeni akuthandize kupalasa."



"Wakuuza ndani?"

"Ndiye kuti ndi zoona."

"Laine, tamvera. Mabuku ake ananyowa ndi mvula mu Julayi. Mayi Moala anandipempha kuti tiziwerengera limodzi langa, poti tili mudzi umodzi. Ukhoza kuwafunsa."

"Anakupemphanso kuti azikugwira paphewa?"

Anapumira m'mwamba. "Sindikunamiza. Amandifuna. Sabata yatha anandilukira nkhata ya maluwa, ndinaipereka kwa amayi. Ndinamuuza kuti mtima wanga uli pa doko lina lake ku Ha'apai, pamene simenti inang'aluka. Sanakondwe. Ndinalakwa kusakuuza, ndimaopa zomwezi. Koma iwe zimenezi waziona kuti?"

Ndinamuuza zonse, za azakhali, za Sitiveni, za Lachisanu.

"Unamusefera kava," anatero.

"Ndikanakana bwanji? Azakhali anali atalola kale."

"Unamupatsa chikho ndi manja ako."

"Saia…"

"Ine amene ndimadziwa kuti ukakwiya umayamba kulankhula mwaulemu, amene ndimadziwa kuti umaopa mayeso kuposa chimphepo, manja akowo sindinawaonepo. Iye anakhala n'kumawayang'ana madzulo onse." Mawu ake anali atasasa. "Unamuyankha chiyani?"

"Ndinati ndili ndi mayeso."

"Nanga mayeso akadzatha?"

Pansi panga tinsomba tinkazungulira mzati wa doko. Ndinapukuta m'maso ndi ngodya ya nsalu.

"Unandinamiza," ndinatero. "Unati ndiwe wonyansa."

Anayamba kuseka, kuseka kuja, ndipo mkwiyo wanga wa masiku anayi unathera pomwepo.

"Ubwere Lachinayi, Laine. Ngakhale sitima ikane, ubwere."

* * *

Lachitatu m'mawa azakhali ananena kuti sindipita. Anati mtsikana amene wapemphedwa kale sayenda yekha kutauni. Ndinagwada pafupi ndi mapazi awo n'kufotokoza za labu, za mayeso, za chaka chonse chimene chidzapite pachabe. Ankangopitiriza kupeta pilo wawo.

Pamenepo bambo, ali pamalo pawo paja pafupi ndi chitseko, analankhula osadzutsa mutu.

"Achemwali, mkazi wanga anamwalira tikudikira sitima kuti imutengere kwa namwino. Mwanayu ndiye anamugwira dzanja mpaka kumapeto. Ngati akufuna kukhala namwino, ine sindingamuletse. Mundikhululukire."

Ndinali ndisanawamvepo bambo akuwayankha achemwali awo chotero. Azakhali anabaya singano pa pilo n'kuwayang'ana nthawi yaitali.

"Chabwino," anatero. "Apita. Koma ndipita naye ine. Ndikufuna ndikamuone ndi maso anga wa pafoniyo."

Sitima imaima patali chifukwa cha miyala, ndiye Lachinayi m'mamawa amene anatiperekeza pa boti anali Sitiveni. Pokweza chikwama changa anachigwira kaye osachisiya.

"Ukakhoze," anatero. "Ine ndili pompano. Sindipita kulikonse."

* * *

Tinafika ku Nuku'alofa dzuwa litapendeka. Ndinali nditaima pa chitsulo cha m'mbali mwa sitima kuyambira pamene mtunda unayamba kuoneka, tsitsi ndikulimanga ndi kulimasula. Pa doko panali piringupiringu, malole, makatoni, nkhumba m'makola, anthu akukuwa mayina a abale awo.

Ndinamuona iye asanandione. Anaima payekha pafupi ndi mulu wa matumba, atavala malaya oyera ndi kamphasa ka m'chiuno ngati akupita kutchalitchi, dengu la zilazi lili kumapazi. Ankayang'ana mtsikana aliyense wotsika, n'kuyang'ananso wotsatira. Maso ake atafika pa ine sanapitirirenso.

Sindikumbukira mmene ndinatsikira makwerero. Ndinangopezeka ndaima patsogolo pake, ndikuyang'ana m'mwamba, kachipsera kaja kali pomwepo.

"Laine," anatero. Mawu omwe aja, koma tsopano ndinkaona pamene akutulukira.

"Hatchi ija waisiya kuti?"

"Inafuna kubwera. Ndinaiuza kuti ingandilande mwayi."

Tinaseka tonse. Dzanja lake linadzuka pang'ono n'kubwereranso. Kumbuyo kwanga azakhali anakhosomola.

Saia anawerama, n'kunyamula dengu lija ndi manja awiri.

"Mwayenda bwanji, mayi? Izi n'zochokera kumunda kwathu. N'zochepa, mungolawako."

Azakhali anayang'ana zilazizo, zazikulu, zotsukidwa bwino. Anayang'ana kamphasa kake, mmene anakamangira. Ndinaona kuti pakamwa pawo pafewa pang'ono, ndipo mtima wanga unayamba kuvina. Kenako anakweza maso n'kumuyang'anitsitsa kumaso, ndipo sanaphethire.

"Ndiwe mwana wa yani?"

"Wa a Penisimani Havili, mayi. A ku 'Eua konko."

"Penisimani amene ankagwira ntchito pa sitima?"

"Eya, kale ndisanabadwe. Mumawadziwa?"

Tonse pachilumba tinkadziwa kuti azakhali sanakwatiwepo, koma palibe ankanena chifukwa chake, ndipo ife ana tinkangoti mwina amuna ankawaopa. Nkhope yawo inali itatuwa.

"Ika pansi dengulo," anatero.

"Mayi?"

"Ukawauze bambo ako kuti wakumana ndi Melenaite wa ku Ha'apai. Ukawauze kuti pa tsiku la ukwati wathu nkhumba khumi ndi ziwiri zinaphedwa, mphasa zinayalidwa kuyambira kunyumba mpaka kutchalitchi, abusa anadikira mpaka dzuwa kulowa. Sitima inabwera, iwo munalibe. Patapita mwezi tinamva kuti akwatira ku 'Eua. Ukawafunse ngati ndikunama."

Saia anandiyang'ana, ine ndinamuyang'ana, dengu likadali m'manja mwake.

"Azakhali, iye sanalakwe kanthu. Anali asanabadwe…"

Anandigwira pamkono n'kuyamba kundikoka kudutsa pakati pa anthu. Ndinacheuka. Saia anayenda mapazi awiri kutitsatira, lole yodzaza makatoni inadutsa pakati pathu, ndipo sindinamuonenso.

"Sitimayi ikubwerera Loweruka," anatero azakhali, maso ali kutsogolo. "Tikwera tonse awiri."

"Labu ikuyamba Lolemba, azakhali!"

Zala zawo zinandikanikiza mpaka kupweteka, akundikokabe osacheuka.